Dotolo Amene Anaciza ndi Makutu

Nkhani yathu ya lero iri ya matenda amene saoneka ndi maso, ndiponso ya munthu wina wa ku Ulaya amene anayesa kuwaciza popanda singano, popanda mpeni, ndi popanda mankhwala akumwa. Dzina lace ndiye Sigmund Freud, ndipo njira yace ichedwa psychoanalysis, ndiko kunena kufufuza zobisika za mumtima mwa munthu.

Ndiyambe ndi cinthu cimene ambiri a ife tinacionapo. Munthu amva mutu masiku onse, sagona tulo, mtima ugunda msanga-msanga, ndipo nsima siimkomera. Apita ku cipatala, dotolo ampima cifuwa, ampima magazi, nanena kuti sapeza nthenda iri yonse. Koma mwini wace adziwa kuti sali bwino. Anzace ayamba kunong'onezana. Ena ati ndi ulesi, ena ati anamlodza. Funso limene Freud analimbana nalo moyo wace wonse ndi lomweli: kodi thupi lingadwale bwanji pamene mulibe bala kapena kacirombo m'thupimo?

Mwana wa wogulitsa ubweya

Freud anabadwa pa 6 May 1856 m'tauni yaing'ono ya Freiberg, imene lero ichedwa Příbor, m'dziko la Czech Republic. Makolo ace anali Ayuda, ndipo atate ace anali wogulitsa ubweya wa nkhosa. Malonda atagwa, banja linasamukira ku Vienna, mzinda waukuru wa Austria, m'caka ca 1860, ndipo kumeneko Freud anakhala zaka 78. Analowa yunivesite m'caka ca 1873, natsiriza maphunziro a udotolo mu 1881. Mtima wace unali pa kufufuza za ubongo ndi mitsempha, koma nchito imeneyo inalibe ndalama, ndipo iye anali atapalana ubwenzi ndi namwali dzina lace Martha Bernays. Motero analowa nchito pa cipatala cacikuru ca Vienna kuti apeze poyambira banja. Anakwatira mu 1886, nabala ana asanu ndi mmodzi.

M'caka ca 1884 anacita cinthu cimene cinamcititsa manyazi pambuyo pace. Analemba kuyamikira mankhwala ochedwa cocaine, nawamwa iye mwini, nalangiza bwenzi lace lina limene linali kapolo wa morphine kuti liwayese. Bwenzilo silinamasuke ai, koma linasanduka kapolo wa mankhwala onse awiri. Ticisunge cimeneci, pakuti cionetsa khalidwe lace: akakhulupirira cinthu, anafulumira kucilengeza asanaciyese mokwanira.

Mu 1885 anapita ku Paris kukaphunzira kwa dotolo wochuka, Jean-Martin Charcot, pa cipatala ca Salpêtrière. Kumeneko kunali odwala ambiri a nthenda imene masiku amenewo anaicha hysteria. Wina anafa dzanja, wina analeka kulankhula, wina anagwa ndi kuphupha, koma mitsempha yao inali yabwino-bwino. Madotolo ambiri anati ndi nthenda ya akazi, kapena ndi cinyengo cabe. Charcot anaonetsa kuti amuna aidwalanso, makamaka anchito amene anapulumuka pa ngozi. Anaonetsanso kuti pomgoneka munthu tulo tapadera tochedwa hypnosis, m'mene munthu amva mau ndi kuwamvera, akhoza kupha dzanja lace ndi mau okha, ndi kulidzutsanso ndi mau okha. Freud anabwerera kwao ndi ganizo limodzi lalikuru: ngati mau akhoza kupha dzanja, ndiye kuti ganizo likhoza kudwalitsa thupi.

Namwali amene anakana madzi

Ku Vienna Freud anali ndi mnzace wamkuru msinkhu, dotolo Josef Breuer, amene anamthandiza ndi nzeru ndi ndalama zomwe. Breuer anamsimbira za namwali wina amene anamsamala kuyambira 1880 kufikira 1882. M'buku anamucha Anna O., koma dzina lace leni-leni linali Bertha Pappenheim. Namwaliyu anayamba kudwala ali ndi zaka 21, pamene anali kudwazika atate ace. Anatsokomola kosalekeza, ziwalo zina zinauma, maso anavuta, ndipo nthawi zina anaiwala Cijeremani, cinenero ca kwao, nalankhula Cingelezi cokha.

Monga momwe Breuer analembera, nthawi ina ya mafundi namwaliyo anakhala masabata asanu ndi limodzi osakhoza kumwa madzi. Ludzu anali nalo, koma akafikitsa tambula pakamwa anaikankhira kutali, nakhalira zipatso. Tsiku lina, ali m'tulo ta hypnosis, anasimba mokwiya kuti anaona kagalu ka mai wina wa m'nyumba mwao kakumwa madzi m'tambula. Cinamnyansa kwambiri, koma cifukwa ca ulemu sananene kanthu. Atatha kusimba zonse ndi kutulutsa mkwiyo wace, anapempha madzi, namwa. Ndi namwali yemweyu amene anapatsa njirayi dzina lace loyamba, kuti ndiko kuciza ndi kulankhula.

Breuer ndi Freud analemba buku la hysteria pamodzi mu 1895, ndipo ciphunzitso cace cinali ici: cinthu cowawa cimene munthu anacimeza osacinena sicifa, koma cifuna njira yina yoturukira, ndipo kawiri-kawiri citurukira m'thupi.

Kama ndi mpando

Freud sanali katswiri wa hypnosis, ndipo odwala ena sanagone konse. Mai wina wolemera, atatopa ndi mafunso ace, anamuuza kuti aleke kumdula mau, amsiye anene zimene ali nazo. Freud anamvera, ndipo pang'ono-pang'ono anapeza njira yace-yace. M'nyumba yace ya pa Berggasse 19, m'mene anakhala kuyambira 1891, munali kama wofunda nsaru zokongola. Wodwala anagona pamenepo, Freud nakhala pampando kumutu kwace, posaoneka. Lamulo linali limodzi lokha: nena ciri conse cimene cifika m'mutu mwako, cingakhale copusa, cingakhale camanyazi, usasankhe. Anakomana ora limodzi pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, miyezi yambiri kapena zaka. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nchito imeneyi inafuna kudekha kotero. Dzina lakuti psychoanalysis analilemba koyamba mu 1896.

Kodi anali kufuna ciani pomvetsera cotero? Inu a ku migodi mudzamva msanga. Mlendo akafika pa mgodi aona nsanja ya pa shafuti, maofesi ndi milu ya dothi, naganiza kuti waona mgodi. Koma inu mudziwa kuti mgodi weni-weni uli pansi, kumene kuli njira zambiri-mbiri, zina zotsekedwa kale-kale. Mudziwanso kuti njira yotsekedwa siikhala cabe. Madzi adzalamo, nayamba kudontha kwina kumene simunayembekeze. Freud anati mtima wa munthu uli wotero. Zimene tidziwa za ife eni ndi za pamwamba zokha. Pansi pali zilakolako, mantha ndi mkwiyo zimene tinazitsekera cifukwa zinatiwawa kapena kutipatsa manyazi, ndipo ngakhale taziiwala, izo zigwirabe nchito. Nthenda ija yosaoneka ndiyo madzi odontha. Kukolopa pamene padontha sikuthandiza. Afunika munthu wotsika nawe pansi ndi nyali.

Anaonanso zinthu ziwiri zimene madotolo a mtima aziyang'anabe kufikira lero. Coyamba, wodwala akayandikira pamene pali bala leni-leni, ayamba kuzemba: akhala cete, asintha nkhani, acedwa kufika, kapena aiwala tsiku. Caciwiri, wodwala ayamba kuona dotolo monga ngati ndiye atate ace kapena amai ace, namkonda kapena kumuda popanda cifukwa. Izi sizicitika kwa dotolo kokha. Alipo amuna amene kapitao akangokweza mau pang'ono, thupi lonse linjenjemera ndi mkwiyo wopambana mlanduwo, cifukwa m'mau a kapitaoyo amva mau a munthu wina amene anawazunza ali ana.

Maloto ndi kuphonya kwa lilime

Atate ace a Freud anamwalira mu October 1896, ndipo imfayo inamgwedeza kwambiri, kotero kuti anayamba kudzifufuza yekha, nalemba maloto ace. M'menemo munaturuka buku lace lalikuru la kumasulira maloto, limene linasindikizidwa kumapeto kwa 1899, ngakhale pacikuto analembapo 1900. Anasindikiza mabuku 600 okha, ndipo panapita zaka zisanu ndi zitatu asanathe kugulidwa.

Mitundu yambiri ya anthu, ndi makolo athu omwe, inaona loto monga uthenga wocokera kunja, kwa mizimu, kapena cenjezo la zam'tsogolo. Freud anatembenuza nkhaniyo. Anati loto licokera m'kati mwa wolotayo, ndipo liri cilakolako cobisika cimene cabvala zobvala za eni kuti cisazindikirike, monga munthu wolowa pa cipata ndi citupa ca mnzace. Mu 1901 anaonjeza kuti ngakhale kuphonya kwa lilime kuli ndi mwini wace. Mwamuna akaitana mkazi wace ndi dzina la mkazi wina, tonse tiseka, cifukwa tidziwa kuti lilime laulula cimene mtima unabisa.

Kufikira apa ambiri akadabvomera. Koma Freud anapitirira, nanena kuti muzu wa matenda onsewa uli m'cilakolako ca thupi, ndi kuti cilakolakoco ciyamba pa ubwana. Anaphunzitsa kuti mwana wamwamuna ali yense, ali wamng'ono, afuna amai ace akhale ace yekha, nacitira atate ace nsanje ndi mantha. Ici anacicha ndi dzina la Oedipus, mfumu ya m'nthano ya Agriki imene inapha atate ace ndi kukwatira amai ace mosadziwa. Breuer sanagwirizane naye pa kukuza cilakolako ca thupi kotere, ndipo ubwenzi wao unazirala.

Ophunzira ndi mipatuko

Mu 1902 amuna owerengeka anayamba kusonkhana m'nyumba mwace Lacitatu liri lonse madzulo. Mu 1907 kunabwera dotolo wacinyamata wa ku Switzerland, Carl Jung, ndipo tsiku loyamba anaceza maora 13. Mu 1909 awiriwo anaoloka nyanja kukakamba pa Clark University ku Amereka, ndipo mu 1910 anakhazikitsa bungwe la maiko onse, Jung nakhala mtsogoleri wace. Koma Freud analamulira gulu lace monga mfumu yosafuna kutsutsidwa pa bwalo. Alfred Adler, amene anati cobvuta munthu kwambiri ndico kudziona wocepa pakati pa anzace, anacoka mu 1911. Jung, amene anakana kuti zonse zicokera ku cilakolako ca thupi, anasiyana naye mu 1913, ndipo sanayanjanenso.

Nkhondo Yaikuru ya 1914 kufikira 1918 inabweretsa asilikari zikwi-zikwi onjenjemera, osalankhula, osayenda, koma opanda bala. Akuru ena a nkhondo anati ndi amantha, nawalanga. Apa anthu anayamba kuona kuti mau a Freud akuti mtima ubvulala anali ndi nzeru. Komanso asilikari omwewo anagwedeza ciphunzitso cace, pakuti analota usiku ndi usiku za mabomba amene anapha anzao, ndipo loto lotere silingakhale cilakolako. Freud anabvomera bvutoli m'buku la 1920. Mu 1923 anafotokoza kuti mwa munthu muli mbali zitatu zolimbana: njala yosadziwa lamulo, imene ichedwa id, mau a makolo ndi mwambo amene atidzudzula m'kati, ndiwo superego, ndi mwini nyumba wogwidwa pakati pa ziwirizo, ndiye ego.

Caka comweco ca 1923 anampeza ndi khansa ya m'kamwa, pakuti anali kusuta ndudu zazikuru pafupi-fupi 20 pa tsiku. Anamcita opareshoni koposa 30 m'zaka 16, koma fodya sanaleke, ndi nchito yomwe sanaleke. Mu 1933 anthu a Hitler anatentha mabuku ace ku Berlin. Mu March 1938 analanda Austria, ndipo apolisi ao a Gestapo anatenga mwana wace wamkazi, Anna, namfunsa tsiku lonse. Pamenepo nkhalambayo inabvomera kuthawa. Abwenzi ace, Marie Bonaparte ndi Ernest Jones, anamthandiza kufika ku London mu June 1938. Anamwalira komweko pa 23 September 1939, ali ndi zaka 83, atapempha dotolo wace kuti amthetsere ululu ndi morphine. Alongo ace anai amene anatsala ku Vienna anafera m'misasa ya Anazi. Anna anapitiriza nchito ya atate ace pakati pa ana kufikira imfa yace mu 1982, ndipo nyumba yao ya ku London inatsegulidwa mu 1986 kuti anthu azikaona kama uja.

Pamene analakwa

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zambiri zimene Freud analandira zinali zomuyenera. Tiyambe ndi namwali wa tambula uja. M'zaka za m'ma 1970 ofufuza mbiri anapeza makalata a cipatala ca ku Kreuzlingen, ku Switzerland, oonetsa kuti Bertha Pappenheim sanacire mu 1882 monga buku linanenera. Anagonekedwa m'zipatala kangapo pambuyo pace. Anacira patapita zaka, nakhala mai wamphamvu womenyera ufulu wa akazi ndi ana amasiye, nakhazikitsa bungwe la akazi Aciyuda mu 1904, ndipo mu 1954 dziko la West Germany linaika nkhope yace pa sitampa. Koma kucira kwace sitingakuwerengere pa njira ya Breuer.

Colakwa cina ncolemera koposa. Mu 1896 Freud analengeza kuti odwala ace a hysteria anacitidwa zonyansa ndi akuru ali ana. Mu 1897 anabweza mau, nati zambiri za izo zinali zongoganiza. Ena amdzudzula kuti anataya ana ozunzidwa, napatsa anthu cifukwa ca kusawakhulupirira. Ena amdzudzula kuti iye mwini ndiye anaumiriza odwalawo kubvomera nkhani zimene sanazikumbuke. Lero tidziwa zonse ziwiri: kuti kuzunza ana kucitikadi, ndipo mwana wonena ayenera kumveredwa, ndiponso kuti wofunsa woumiriza akhoza kubzala mwa munthu cikumbukiro ca cinthu cimene sicinacitike.

Ziphunzitso zace za akazi, zakuti mkazi adziona wopereweredwa poyerekeza ndi mwamuna, anazitsutsa Karen Horney, mmodzi wa akazi a m'gulu lace lomwe, kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero ngocepa amene azikhulupirira. Wanzeru wina, Karl Popper, analoza bvuto la pa muzu. Wodwala akabvomera kumasulira kwa dotolo, ati dotolo walondola. Akakana, ati alikuzemba, ndiye kuti dotolo walondolanso. Mlandu umene woweruza sangagonje nawo, angakhale mboni zinene ciani, suli mlandu woweruzidwa bwino. Za maloto nazonso, ofufuza tulo, amene mu 1953 ku Chicago anapeza nthawi ya tulo imene maso ayenda-yenda ndipo munthu alota kwambiri, sanapeze umboni wakuti loto liri lonse ndi cilakolako cobisika.

Pali mtsutso umodzi umene ife tingaumve bwino koposa anthu a ku Vienna. Bronisław Malinowski, wophunzira miyambo ya anthu, anakhala pa zisumbu za Trobriand, kufupi ndi New Guinea, pakati pa 1915 ndi 1918. Kumeneko mwana ali wa mtundu wa amai ace, ndipo wolamula ndi kulanga ndiye malume. Atate ali ngati bwenzi lomlera. M'buku la 1927 Malinowski ananena kuti kumeneko mnyamata asungira mkwiyo malume wace, si atate ai. Otsatira Freud anakana, ndipo mkanganowo unapitirira zaka zambiri. Koma Mcewa, Mnsenga kapena Mbemba amene anakulira m'manja mwa mwini mbumba adzaona yekha kuti Freud anatenga banja la mzinda umodzi ndi nyengo imodzi, naliyesa banja la anthu onse a pa dziko lapansi.

Cimene cinatsala

Nanga tsono titaye zonse? Iai. Masiku ano madotolo ocepa okha atsata njira yace monga anaisiyira. Kuyambira 1952 kunabwera mankhwala othandiza misala yeni-yeni, imene kulankhula kokha sikungaicize. M'zaka za m'ma 1960 Aaron Beck wa ku Amereka, amene anaphunzira psychoanalysis, anayesa ziphunzitso za Freud pa odwala a cisoni cacikuru, napeza kuti sizigwirizana ndi zimene anaona. Ndipo anayamba njira yaifupi yothandiza munthu kuwongola maganizo ace a lero, osakumba za ubwana zaka ndi zaka. Njira yotereyi ndiyo ifala kwambiri tsopano, ndipo mayeso ambiri aonetsa kuti kuciza ndi kulankhula kuthandizadi anthu ambiri.

Ku Harare, kuyambira 2006, dotolo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci kunja kwa kiliniki ndi kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Ndipo mayeso amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti ambiri anapepukidwa. Agogowo satsata Freud, ndipo kumvetsera wobvutika sikunayambe ndi iye, pakuti ankhoswe ndi akuru a pa bwalo anakudziwa kale. Cimene Freud anacita ndico kulowetsa kumvetsera m'nyumba ya dotolo, pa nthawi imene wodwala wotere anali kunyozedwa kapena kutsekeredwa. Anaumirira kuti munthu sadzidziwa yense, kuti zimene zicitikira mwana zimtsata kufikira imvi, ndi kuti mau a wodwala, angakhale osokonezeka, ali ndi tanthauzo. Zitatu izi zaima, ngakhale nyumba yaikuru imene anamanga pamwamba pace inagumuka mbali zambiri.

Tsono, abale, ngati pakati panu pali munthu amene anapulumuka pamene mwala unagwa pansi pa mgodi, ndipo kuyambira tsiku limenelo adzidzimuka usiku, akwiya msanga, kapena wayamba kumwa kopambana kale, musafulumire kumucha waulesi kapena wamantha. Khalani naye pansi, mumcherere khutu, ndipo musamdule mau. Mukaona kuti katunduyo apambana mphamvu zanu, makamaka akayamba kunena zakuti moyo wamtopetsa, mperekezeni ku cipatala msanga, pakuti kumeneko kuli anthu ophunzira nchito imeneyi.